Kuvina papholo: masewera olimbitsa thupi amene ambirife timachita nawo manyazi

Tayesani kulemba mawu oti pole dance pagulu la WhatsApp la kubanja kwanu, muone mmene azakhali ndi amalume adzukire. Ambirife tinaziona koyamba m'mafilimu a ku America: bala ya usiku, magetsi ofiira, mtsikana akuzungulira pachitsulo, azibambo akumwaza ndalama. Ndiye tikamva kuti mwana wa uje ku Chitakale wayamba zimenezi, maganizo amathamangira kumodzi basi, kuti walowerera.

Ine ndakhala ndikuphunzira masewerawa kuno ku Mulanje kwa miyezi isanu ndi itatu tsopano. Zimene ndapeza ndi matuza m'manja, mikwingwirima m'miyendo, mapewa olimba ndi tulo tabwino. Ndapezanso mafunso ambirimbiri ochokera kwa abale ndi anzanga, ndipo ambiri mwa mafunsowo ndi omveka ndithu.

Zinachokera kuti?

Mbali ya mbiri imene anthu amaiopa ija ndi yoona. Kuvina papholo la chitsulo monga tikukuonera lero kunakulira m'mabala a usiku a ku Canada ndi ku America m'zaka za m'ma 1980. Mmodzi mwa ovina kumeneko, Fawnia Mondey wa ku Canada, anayamba kuphunzitsa anthu ena m'zaka za m'ma 1990, ndipo pang'onopang'ono amayi wamba anazindikira kuti kudzinyamula ndi manja pachitsulo kumatulutsa thukuta kuposa makina ambiri a ku jimu.

Koma kukwera mtengo wowongoka n'kumachitapo zaluso n'kwakale kwambiri kuposa mabalawo. Ku India kuli masewera otchedwa mallakhamb, amene anyamata a masewera ogwetsana ankachita pamtengo wopala bwino kuti akhale ndi mphamvu. Boma la Madhya Pradesh linawasankha kukhala masewera a chigawo chawo mu 2013. Ku China akatswiri a zisudzo akhala akukwera ndi kulumpha pamapolo aatali kuyambira kalekale. Ngakhale kuno kwathu, amene anapitako ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, umene umachitika mu Ogasiti, amadziwa Gologolo, chilombo cha Gule Wamkulu chimene chimakwera pamtengo wautali n'kumavinira pamwamba pomwepo. Gule ndi mwambo wokhala ndi tanthauzo lake, sindikuufanizira ndi masewera a m'jimu ayi. Ndikungonena kuti maso athu anaonapo kale thupi likuchita zodabwitsa pamtengo, ndipo tinaomba m'manja.

Mu 2009 kunakhazikitsidwa bungwe la International Pole Sports Federation, limene mmodzi mwa olikhazikitsa anali Katie Coates wa ku Britain. Mpikisano wawo woyamba wa dziko lonse unachitikira ku London mu 2012, ndipo mu 2017 bungwe lalikulu limene panthawiyo linkaona za mabungwe a masewera padziko lonse, GAISF, linawalola kukhala nawo ngati oonerera, lomwe linali khomo loyamba lovomerezera masewera atsopano. Pampikisano wotere pamakhala mapolo awiri, lina lokhazikika, lina lozungulira, lililonse lotalika mamita 4. Wopikisana amavina pafupifupi mphindi zinayi, wopanda nsapato zazitali zija, ndipo oweruza amapereka mapointi monga amachitira pa gymnastics. Amuna amapikisana, olumala ali ndi gawo lawo, achikulire nawonso alimo. Greta Pontarelli wa ku America anayamba ali ndi zaka 59 pofuna kulimbitsa mafupa ake, ndipo anadzakhala katswiri wa dziko lonse m'gulu la achikulire.

Mmene linafikira kwa ife

Ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli malo ophunzitsira masewerawa amene munthu amalipira pamwezi ngati jimu ina iliyonse. Achemwali anga, mwana wa azakhali, anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito musaluni, ndipo Loweruka lililonse ankapita kumalo oterowo ndi anzawo. Pobwerera kumudzi, anthu ena amanyamula filiji kapena matiresi. Iwo ananyamula pholo, lomasulidwa zidutswazidutswa m'chikwama chachitali.

Analiimika m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ina, kamene denga lake ndi la konkire. Tilipo ophunzira anayi: mphunzitsi wa ku pulayimale, namwino, wogulitsa kaunjika ndi ine. Timakumana Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo, ola limodzi ndi theka. Timasonkherana ya lendi ya chipinda, ndipo achemwali timawapatsako ya sopo.

Tsiku loyamba ndinkadziona ngati wamphamvu. Ndinakulira m'munsi mwa phiri, ndinakwerapo ku Chambe kawiri, ndipo kusekondale ndinkasewera netiboli. Achemwali anangoti, "Gwira apa ndi manja onse awiri, ukweze mawondo, uwerenge mpaka teni." Ndinafika pa fili, mapazi anali pansi kale. Miyendo yokwera phiri ndinali nayo, koma manja, mapewa ndi pamimba zinali zisanagwirepo ntchito yotere.

Zimene zimachitika m'kalasi

Mphindi khumi ndi zisanu zoyambirira palibe amene amakhudza pholo. Timatenthetsa thupi: kuzunguza mapewa, kuwongola mfundo za manja, kunjuta, kudumpha chingwe. Achemwali amati phewa likavulala silichira msanga, choncho wobwera mochedwa amatenthetsa thupi payekha pakona, ngakhale ena atayamba kale.

Mwezi woyamba timaphunzira kuyenda mozungulira pholo titaligwira ndi dzanja limodzi, phewa lili pansi osati pafupi ndi khutu. Kenako kumabwera kuzungulira kosavuta kumene amakutcha fireman spin, pamene umapana pholo ndi miyendo n'kumatsika pang'onopang'ono ukuzungulira. Zikatero pamabwera kukwera, ndi kukhala papholo ulitapana ndi ntchafu zokha. Apa m'pamene ambiri amakuwa, chifukwa khungu la m'ntchafu limawotcha ngati wathiridwa tsabola. Pakatha masabata angapo limazolowera.

Kuzondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba, kumene timakusirira pa TikTok, kumabwera patapita miyezi. Ine ndinakwanitsa m'mwezi wachisanu ndi chimodzi. Mnzanga wa kaunjika, amene amasenza mabelo tsiku lililonse, anakwanitsa m'mwezi wachitatu. Achemwali salola munthu kuyesa kuzondoka asanathe kudzikoka ndi manja okha, ndipo akamayesa koyamba iwo amaima pafupi, dzanja lili pamsana pake, matiresi ali pansi. Chilichonse timachichita mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, kuti thupi lisapendekere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata, komanso masewera olimbitsa minofu masiku awiri pasabata. Ambirife gawo loyambalo timayesako, kaya poyenda, kaya popalasa njinga. Lachiwirilo n'limene timalinyalanyaza, makamaka ife amene tsiku lonse timakhala pa kompyuta kapena pafoni. Pholo limatseka mpata umenewu, ndipo silitopetsa m'maganizo chifukwa nthawi zonse pamakhala chinthu chatsopano chimene ukulimbana nacho.

Nanga bwanji zovala zazifupizo?

Funso ili n'limene limabwera kawirikawiri, ndipo yankho lake n'losavuta. Chimene chimakugwira pachitsulo ndi khungu. Nsalu imaterera. Ukavala legini n'kuyesa kupana pholo ndi ntchafu, ugwa basi. Ndiye pamene wayamba kukwera umavala kabudula, monga amachitira othamanga kapena osambira. Masabata oyambirira munthu akhoza kubwera ndi buluku la masewera ndi T-sheti popanda vuto.

Pa chifukwa chomwechi, tsiku la kalasi sitidzola mafuta kapena Vaseline. Mphete, zibangili ndi wotchi timavula. Pholo timalipukuta ndi kansalu konyowetsa ndi spirit munthu aliyense akatsika. Nyengo ya kuno nayo ili ndi zake: kukatentha thukuta limachuluka, manja amaterera, pomwe nthawi ya chiperoni chitsulo chimazizira ndipo khungu siligwira mpaka thupi litatenthedwa bwinobwino.

Nkhani ya zovala za amayi m'dziko muno ili ndi mbiri yake. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa m'nthawi ya kusintha kwa ndale kupita ku zipani zambiri. Mu Januwale 2012 amayi ena anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Mzuzu chifukwa chovala mabuluku, mpaka amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo. Choncho mtsikana akamaopa kuti kabudula wa m'kalasi akhoza kumuonongera mbiri, sakulota ayi.

"Iwe, zimene ndikumvazi n'zoona?"

Ku Mulanje nkhani imayenda msanga kuposa kabaza. Pasanathe miyezi iwiri, amayi anandiitanira kukhitchini.

"Iwe, zimene ndikumvazi n'zoona? Akuti mukumavina maliseche ku Chitakale. Digiri yonse ija?"

"Amayi, si choncho ayi. Bwerani Lachisanu mudzaone nokha."

Anabweradi, limodzi ndi azakhali, onse atavala zitenje za Mvano chifukwa ankachokera kokaona wodwala. Anakhala pabenchi ola lathunthu osayankhula. Anaona namwino uja akulephera kukwera kasanu n'kukwanitsa kachisanu ndi chimodzi, ife tikukuwa ngati wagoletsa chigoli. Pamapeto azakhali anadzuka, nagwira pholo ndi manja awiri, nayesa kukweza mapazi. Anaseka mpaka misozi.

Amayi sanatuluke atasanduka okonda pole dance. Anangoti, "Ndaona, ndi ntchito ya manja ndithu. Koma chitseko chizikhala chotseka, ndipo ndisadzakuone pa foni ya munthu." Ndinaona kuti mfundo yawo ndi yanzeru. Si aliyense m'gulu mwathu amene zinamuyendera chonchi. Tinayamba tilipo asanu. Mmodzi anasiya chifukwa bwenzi lake linamuuza kuti asankhe pakati pa pholo ndi chinkhoswe. Mwamunayo anakana kubwera kudzaona, ndipo mpaka lero mnzathuyo timamusowa.

Chifukwa cha zimenezi tili ndi lamulo la mafoni. Onse amakhala m'chikwama chimodzi pakhomo. Wofuna kudzijambula kuti aone mmene akuchitira amajambulidwa ndi foni yake, yekha, popanda wina kumbuyo. Kuika pa Facebook kapena pa status ndi chisankho cha mwini thupi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti, koma vidiyo ikangofika m'magulu a WhatsApp, palibe khoti limene lingaibweze. Kwa mphunzitsi kapena namwino, kavidiyo ka masekondi khumi kodulidwa moipa kakhoza kugwedeza ntchito.

Ngati mukufuna kuyamba

Choyamba, pholo la pakhonde, la netiboli kapena la chikwangwani cha pamsewu si la masewerawa. Limakhala ndi dzimbiri kapena penti yokanda khungu, ndipo silinapangidwe kuti linyamule munthu amene akuzungulira. Pholo lenileni limakhala losalala, ndipo ambiri amakhala a mamilimita 45 kukula kwake, ngakhale alipo a 40 a anthu a manja aang'ono. Mapolo ambiri a m'nyumba amagwira podzipanikiza pakati pa simenti ya pansi ndi denga, choncho amafuna konkire kapena mtanda wolimba pamwamba. Siling'i ya bolodi imene ili m'nyumba zambiri za lendi ikhoza kuboka inu muli m'malere. Ngati mukuganiza zopita kwa wowotcherera zitsulo, paipi ikhale yokhuthala, yosalala, yopanda polumikiza pakati, ndipo imangidwe ndi mabauti pansi ndi pamwamba ndi mmisiri wodziwa ntchito.

Chachiwiri, YouTube imathandiza, koma siingakugwireni mukamagwa. Zoyenda ndi zozungulira pafupi ndi pansi mukhoza kuonera pafoni. Zozondoka zimafuna munthu wodziwa ali pambali panu. Ngati muli ndi vuto la msana, la mapewa, la BP, kapena ndinu oyembekezera, yambani mwaonana ndi adokotala.

Chachitatu, mukhoza kuyamba lero opanda pholo. Mapushapu, kulendewera panthambi yolimba ya mango, kugona chagada n'kumakweza miyendo, kunyamula zigubu za malita asanu dzanja lililonse, zonsezi zimamanga mphamvu yomweyo. Mukachita katatu pasabata kwa miyezi iwiri, tsiku lodzagwira pholo mudzafika pa teni.

Chachinayi, uzani akwanu nokha asanamve kwa ena, ndipo ngati n'kotheka aitaneni adzaone. Anyamata nanunso khomo n'lotseguka. Amene amachita masewera a pa bar m'mabwalo a mpira ali kale theka la ulendo.

Boma lathu lino limalemekeza thupi lamphamvu. Chaka chilichonse timakhamukira ku Likhubula kukachemerera amuna ndi akazi othamanga makilomita opitirira 20 kukwera ndi kutsika phiri pa mpikisano wa Porters Race. Timaona amayi akutsika phiri ndi mitolo ya nkhuni yolemera, ena akuthyola tiyi kuyambira m'mawa dengu lili kumsana. Mtsikana amene akuphunzira kunyamula thupi lake ndi manja ake ali m'gulu lomwelo. Musanamuweruze, mufunseni tsiku la kalasi, mukagwire pholo, mukweze mawondo, muwerenge.