KODI MIYALA N'KUDYA?

Tsiku lina la Sabata, mapemphero atatha ndipo anthu akubalalika, bambo ena a m'mudzi woyandikana ndi Katowo anandiitanira pambali. Nkhope yawo inali yakugwa, kotero kuti ndinayamba kuganiza za maliro. Koma ayi, nkhani inali ya mwana wawo wamkazi amene ndinamphunzitsa m'Sitandade 7 zaka zapitazo. Mwanayo anali atasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira sayansi ya miyala ndi nthaka.

"Aphunzitsi," anatero bamboŵa, "ine ndavutika ndi fodya zaka zonsezi kuti mwanayu adzakhale dokotala kapena namwino. Lero akuti akukaphunzira miyala. Kodi miyala n'kudya? Si imeneyi yadzaza m'munda mwanga?"

Sindinawaseke, pakuti funso limeneli lili m'mitima ya makolo ambiri kuno ku Hewe. Yankho langa tsiku lija linali lalifupi. Tsono lero ndifuna kulitambasula kuti makolo ena amve nawo.

Mjigo wopanda madzi

Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo, anthu akufuna kwabwino anatipatsa ndalama zokumbira mjigo. Ife a komiti tinasankha malo pafupi ndi nyumba za aphunzitsi, poona kuti mpafupi potunga. Makina anaboola masiku aŵiri, koma chimene chinatuluka ndi fumbi lokha, ndipo ndalama zinathera pomwepo. Patapita zaka ziŵiri kunabwera anthu ena, ndipo patsogolo pawo panali mnyamata wonyamula mawaya ndi zitsulo zokhomera pansi. Anayenda uku ndi uku tsiku lathunthu, kenaka analoza malo ena kumunsi kwa bwalo la mpira. Mjigo umenewo ukutulutsa madzi mpaka lero.

Nditamfunsa chinsinsi chake, anandifotokozera kuti pansi pa dera lathu pali thanthwe lakalekale lolimba, limene silisunga madzi monga umachitira mtsuko. Madzi amakhala m'mbali ya pamwamba imene inafumbutuka, ndiponso m'ming'alu ya thanthwelo. Iye ankaloŵetsa mphamvu ya magetsi m'nthaka, ndipo pamene pali chinyontho mphamvuyo imadutsa mosavuta kusiyana ndi pa mwala wouma. Nzeru imeneyi anaiphunzira ku yunivesite, ndipo ndi maphunziro omwewo a miyala amene bambo aja ankawanyoza.

Dziko limene tikhalamo

Ife a m'boma la Rumphi tazingidwa ndi zinthu zimene ana a maiko ena amangoziŵerenga m'mabuku. Phiri la Nyika, limene linakhala nkhalango yotetezedwa ya nyama mu 1965, limamwa mvula ndi kuitulutsa pang'onopang'ono m'mitsinje chaka chonse. Mtsinje wa Hewe umathira madzi ake m'dambo la Vwaza, kumene kumachokera njovu zotidyera chimanga ndi ntchentche za kashembe zofalitsa matenda a kaodzera. Ku Chiweta kuli kasupe wa madzi otentha, ndipo ku Mchenga amakumba malasha, amene ali zomera za makedzana zimene zinakwiririka ndi kusanduka mwala. Nyanja yathu ili m'chigwa chimene chinapangika pamene dziko linang'ambika, ndipo kung'ambikako sikunathe. N'chifukwa chake zivomezi zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga mu December 2009.

Ku Karonga komweko, katswiri wa miyala wa boma la atsamunda, Frank Dixey, anafufuza miyala yokhala ndi mafupa a zinyama zikuluzikulu zimene zinatha kalekale, m'zaka za m'ma 1920. Koma patapita nthaŵi mwana wa m'dziko muno, Dr Elizabeth Gomani, anaphunzira mafupa omwewo nakhala katswiri wodziŵika. Amene amati maphunziro aŵa sayenera mwana wamkazi aganizepo bwino.

Tili ana tinkamva kaŵirikaŵiri mawu akuti chuma chili m'nthaka, ndipo tinkaganiza za khasu lokha. Lero taona kuti chuma china chili pansi pamene khasu silifika. Ku Kayelekera kuli mgodi wa uranium, ku Kanyika m'boma la Mzimba anapeza niobium, ndipo ku Kasiya m'boma la Lilongwe anapeza rutile. Lamulo losamalira chilengedwe la chaka cha 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu yotere isanayambe, pakhale kafukufuku woonetsa mmene idzakhudzire madzi, minda ndi miyoyo ya anthu. Nanga mabuku a kafukufukuyo adzatiŵerengera ndani? Ngati palibe mwana wathu wodziŵa chinenero cha miyala, mafumu athu adzadinda chala pa mapepala amene sakuwamvetsa.

Kumene amaphunzira zimenezi

Yunivesite ya MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, ili ndi sukulu yapadera yophunzitsa za miyala, za nyengo, za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi kujambula mapu a dziko. Ku Zomba, Yunivesite ya Malaŵi imaphunzitsa jogalafe ndi sayansi ya miyala. Ku MUBAS, imene kale tinkaitcha Polytechnic ku Blantyre, kuli maphunziro a uinjiniya wa migodi. Pafupi nafe pano, Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa za nkhalango, za nsomba, za madzi ndi za kuyeza malo, pamene ku Bunda, pansi pa LUANAR, amaphunzira za nthaka ndi za chilengedwe. Maphunziro ambiri ndi a zaka zinayi. A uinjiniya ndi a zaka zisanu.

Khomo loloŵera ndi mayeso a Fomu 4. Mwana ayenera kukhoza bwino maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa njira imeneyi Masamu, Fizikisi, Kemisitiri ndi Jogalafe ndizo nsanamira. M'mera mpoyamba: mwana amene wathaŵa masamu ali ku pulaimale, kapena wasiya sayansi poloŵa Fomu 3, wadzitsekera yekha khomo asanalione n'komwe. Kwa osoŵa ndalama, pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndipo ngongoleyo imabwezedwa munthu akamaliza maphunziro.

Ntchito zake ndi zovuta zake

Womaliza maphunziro aŵa angathe kugwira ntchito ku dipatimenti yofufuza za miyala ku Zomba, ku nthambi yoona za nyengo, ku mabungwe a madzi, ku nkhalango za Nyika ndi Vwaza, ku makampani a migodi ndi omanga miseu, kapena kuphunzitsa ku sekondale. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe mu Blantyre. Kuyambira pamenepo palibe angakane kuti dziko likusoŵa anthu odziŵa kuuza anzawo malo oyenera kumangapo ndi malo oyenera kupeŵa.

Komabe ndingakhale wonama ndikanena kuti njirayi ndi yosalala. Ntchito zake si za pa mpando wandalema. Ndi za m'tchire, padzuŵa ndi pamvula, kutali ndi banja. Ena amakhala chaka kapena ziŵiri akufunafuna ntchito satifiketi ili m'manja. Ntchito za m'migodi zimakwera ndi kutsika monga mitengo ya fodya ku okushoni: mgodi wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 mtengo wa uranium utagwa, ndipo anthu ambiri anabwerera kwawo, unadzayambanso mu 2025. Ndiponso sukulu zambiri za sekondale zoyendera kumidzi zilibe zipangizo zokwanira za sayansi, kotero kuti mwana wa ku Hewe amapikisana ndi mnzake wa m'tauni atayamba kale kutsalira. Mwana amene wadutsa zonsezi nasankhidwa ayenera kulimbikitsidwa, osati kufooketsedwa pakhomo pa makolo ake.

Mawu kwa makolo

Makolo anzanga, mwana akamatola timiyala ta maŵangamaŵanga kumtsinje, akamafunsa chifukwa chake chigwembe cha m'munda chikukula chaka ndi chaka, kapena chifukwa chake chitsime cha agogo chinauma mitengo itatha ndi zigafa, musamkalipire kuti ngwachibwana. Mfunseni chimene waona. Mlimbikitseni pa masamu, ndipo mtsikana mumpatse nthaŵi yoŵerenga monga mupatsira mnyamata. Aphunzitsi anzanganso, tiyeni tizitulutsa ana m'kalasi nthaŵi zina, akaone ndi maso awo nthaka imene madzi akukokolola kuseri kwa sukulu.

Bambo aja anavomera ndithu, ngakhale monyinyirika, ndipo anagulitsa mbuzi ziŵiri kuti mwanayo apeze ya ulendo. Ngati adzapeza ntchito msanga kapena mochedwa, sindinawalonjeze. Chimene ndinawauza n'chakuti tsiku lina mudzi wawo udzafuna mjigo, kapena alendo adzafika ndi mapepala kufuna kukumba m'phiri, ndipo tsiku limenelo kudzakhala bwino ngati wolankhulira mudzi adzakhala mwana wa pakhomo pomwepo.