Chitsulo cha kumphuno kwa injini: zokamba za m'magalaja ndi zoona zake

Munthu amene akudzutsa injini ya Ford Mustang ya 1966 ndalama zake amazithira pa mapisitoni, maring'i ndi mabering'i. Chitsulo chozungulira chija chokhala kumphuno kwa crankshaft, chimene amakaniko amachitcha damper kapena harmonic balancer, amangochitsuka ndi palafini, kuchipaka penti wakuda, n'kuchibwezera pamalo pake. Mukamufunsa amati: "Imeneyi ndi pulley chabe, ntchito yake n'kukoka lamba." Zikhulupiriro zina zonse zokhudza chitsulochi zimaphukira pamenepa.

Crankshaft imaoneka ngati chitsulo chosagonja, koma imapotoka. Silinda iliyonse ikaphulika imakankha mwamphamvu mbali imodzi ya shafuti, pamene kumbuyo flywheel yolemera ikukaniza. Shafuti imapotoka pang'ono, monga mmene chimachitira chovala pochifinya, kenaka n'kubwerera. Mu injini ya masilinda 8 imene ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi, kuphulika kumachitika ka 200 pa sekondi. Pali liwiro lina limene kukankhaku kumagwirizana ndi kanjenjemeredwe kachibadwa ka shafutiyo, ndipo pamenepo kupotoka kumakula, chitsulo chimatopa, mng'alu umayamba. Damper ili ndi zigawo zitatu: chapakati chogwira shafuti, mkombero wolemera wakunja, ndi mphira wopanikizidwa pakati pa ziwirizi. Mkombero umatsalira pang'ono pamene chapakati chikugwedezeka, mphira n'kumeza mphamvu ya kugwedezekako ndi kuisandutsa kutentha. Nzeruyi si yadzulo: Frederick Lanchester wa ku England analembetsa damper yake mu 1910, nthawi imene injini zazitali za masilinda 6 zinkathyola mashafuti. Amene amati "nanga Volkswagen Beetle ija inkayenda bwanji popanda chimenechi?" akunena zoona, koma shafuti ya Beetle ndi yaifupi ndi yolimba. Ya V8 si yotero.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva wina akuti mphira ukatha, ingowotchererani mkombero ku chapakati, nkhani yatha. Galimoto idzaliradi, lamba adzazungulira, mwini wake adzapita kwawo akumwetulira. Koma chimene chatsala ndi chitsulo chimodzi chouma chosameza kanthu, ndipo kugwedezeka konse kukupita ku mabering'i, ku tcheni cha taimingi ndi ku shafuti imene munthuyo walipira ndalama zambiri kuti aipale.

Ena amakakamira yakale chifukwa "ndi orijino". Chitsulocho n'chabwinodi, koma mphira wa 1966 wamwa oyilo ndi kutentha kwa zaka zoposa 50. Yang'anitsitsani kumaso kwa damper: mphira wosweka ming'alu, wotupa n'kutulukira kunja kapena wolowa m'kati, mkombero wopendekeka pozungulira, zonsezi zikutanthauza kuti yatha. Choopsa china n'chobisika. Zizindikiro za taimingi zimalembedwa pa mkombero wakunja, ndipo mphira ukalekerera, mkombero umasuntha pamodzi ndi zizindikirozo. Makaniko amaunika ndi nyali yake, amaona 6 digiri monga likunenera buku, chonsecho moto ukufika mochedwa kapena mofulumira. Injini imatentha, imasowa mphamvu, mlandu n'kugwera kabuleta. Njira yotsimikizira ndi yosavuta: kupeza pamene pisitoni ya silinda yoyamba yafika pamwamba penipeni pogwiritsa ntchito chida choimitsira pisitoni, n'kuona ngati chizindikiro cha 0 chikugwirizana ndi malo amenewo. Mzere wa penti woyera wodutsa pa chapakati, mphira ndi mkombero umaululanso ngati zinthu zikusuntha. Ndipo damper "yatsopano" imene yakhala m'katoni m'shelefu kuyambira m'ma 1970 musaikhulupirire msanga. Mphira umakalamba ngakhale usanagwirepo ntchito.

Koma chikhulupiriro chimene chadya ndalama za anthu ambiri ndi ichi: "Ford ndi Ford, 302 ndi 302, ikalowa ndiye kuti ndi yomweyo." Apa m'pofunika kudekha.

Injini zazing'ono za V8 za Ford, 289 ndi 302, zinapangidwa mwanjira yoti kulemera kwa pa shafuti pakokha sikukwanira kulinganiza mapisitoni. Kulemera kotsalako anakuika kunja, pa flywheel ndi pa damper. Mukatembenuza damper ya injinizi mudzaona chotupa cha chitsulo mbali imodzi ya chapakati. Pa 289 ndi pa 302 zoyambirira, mlingo wake ndi umene m'makatalogi amaulemba kuti 28 oz. Cha mu 1981 Ford inapepukitsa shafuti ya 302, ndipo mlingo wakunja unakwera kufika pa 50 oz. Mphuno ya shafuti sinasinthe kukula, choncho damper ya 50 oz imalowa bwinobwino pa shafuti ya 28 oz, bawuti n'kumangika popanda kudandaula. Mudzadziwira pa chiwongolero ndi pa mpando injini ikalira, ndipo mabering'i atsopano aja sadzakhalitsa. Pamenepo 351 Windsor, m'bale wake wa 302, inakhalabe pa 28 oz.

Zosiyana sizithera pomwepo. Mpaka 1969 pulley inkamangidwa pa damper ndi mabawuti 3, kuyambira 1970 anakhala 4. Kutalika kwake kumasiyananso, ndiye malamba amatha kuphonyana mzere. Kaloza ka taimingi nakonso kanasamutsidwa malo pa zaka zosiyanasiyana, n'chifukwa chake ma damper ena ogulitsidwa lero amabwera ndi magulu angapo a zizindikiro. 289 High Performance, ya chilembo K, inali ndi damper yakeyake yokhuthala. Ku Chevrolet nkhani ndi yomweyo: damper ya 400, injini yomwe inatuluka mu 1970, ili ndi kulemera kwa mbali imodzi, ya 350 ilibe, koma zonse zimalowa pamphuno imodzi.

Tsono galimoto ya zaka 60 yadutsa m'manja mwa anthu angati? Mustang yolembedwa 289 pambali ikhoza kukhala ndi 302 ya 1985 m'mimba, kapena buloko yakale yokhala ndi shafuti yatsopano. Wogulitsa masipeya akafunsa chaka cha galimoto, funsolo ndi laulemu koma silokwanira. Damper imasankhidwa ndi shafuti imene ili m'katimo. Werengani manambala osindikizidwa pa shafuti ndi pa buloko injini ikadali yophwasula, onani flywheel, ndipo ngati mukukalinganizitsa zozungulira zonse ku malo a makina, damper ndi flywheel zipite nawo limodzi.

Sipeya ikasowa, si kuti ulendo wathera pomwepo. Ku America kuli timakampani timene ntchito yake ndi kuchotsa mphira wakale, kuika watsopano, n'kubwezera mkombero molingana ndi kampata ka kiyi. Kwa injini zosowa, zimene palibe akuzipangiranso zida, ndi njira imene ndimaiona kuti ndi yanzeru kuposa kusaka yakale inzake imene mphira wake ndi wa msinkhu womwewo. Chapakati chikadyedwa ndi silo mpaka kukumbika mzere wodonthetsa oyilo, pali kachitsulo kopyapyala kovekapo, monga Speedi-Sleeve ya SKF. Chapakati chong'aluka pa kampata ka kiyi ndiye chokha chosachiritsika.

Za ma damper odula a mpikisano, monga Fluidampr ya madzi a silikoni kapena ATI, sindichulukitsa mawu. Ndi abwino, ndipo malamulo a mipikisano ina amafuna okhala ndi chiphaso cha SFI 18.1. Galimoto yoyendera Lamlungu siifuna zimenezo.

Chotsiriza ndi hamala. "Timangomenya ndi thabwa, imalowa." Nkhonya iliyonse ya hamala imadutsa m'shafuti n'kukathera pa bering'i yoletsa shafuti kuyenda chakutsogolo ndi chakumbuyo, ndipo ikagwera pa mkombero imang'amba mphira watsopanoyo. Pali chida chokokera damper pang'onopang'ono pogwiritsa ntchito mazinga a m'mphuno ya shafuti. Pochotsanso, chokokera chigwire mabowo a mabawuti a chapakati, osati mkombero. Pakani oyilo pamene pakhudze silo, lowetsani mpaka igunde, ndipo bawuti wamkulu amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu pa mlingo wa m'buku la injiniyo.