Kabuku Kolankhulira Mwana ku Mangalande

Abale anga a kumudzi, inu amene mwakhala mukundifunsa za umoyo wa mwana wathu wamwamuna uja, amene tsopano wakwanitsa zaka 7 koma mawu otuluka pakamwa pake sanapitirire makumi awiri, ndaona kuti n'koyenera kukhala pansi ndi kukufotokozerani modekha mmene anthu a kuno ku Mangalande amachitira pofuna kuti mlezi wachilendo amvetse mwana wotere. Pakuti nkhaniyi siingathe pa lamya, pamene mayunitsi ali kutha ndiponso mphika uli kupserera pamoto.

Kwathu mwana sadziwika ndi make yekha. Agogo amene anamulandira tsiku lobadwa, azakhali amene anamubereka kumbuyo popita kudambo, mlongo wake amene amagona naye pamphasa imodzi, ngakhale mayi wa nyumba yoyandikana amene amamupatsa mbatata yootcha, onsewa amadziwa kuti kulira kwakuti n'kwa njala, kwakuti n'kwa tulo, ndi kuti chakudya chakuti akadya amachezera kupita kuthengo. Ndipo nzeru imeneyi palibe anailembapo, chifukwa imakhala m'maso ndi m'manja mwa anthu amene sachoka pamudzi. Koma kuno, kumene bambo ndi mayi onse awiri amalawirira ku ntchito, ndipo agogo ali kutsidya kwa nyanja zazikulu, mwana amadutsa m'manja mwa alendo: m'mawa ali ndi alezi a ku sukulu ya mkaka, masana ali ndi ogawa chakudya, madzulo ali ndi wina womusunga kufikira makolo ataweruka. Anthu amenewa ngophunzira ntchito yawo, mbiri yawo imafufuzidwa asanaloledwe kuyandikira ana, ndipo bungwe la Ofsted limayendera malo awo. Komabe ngakhale akhale okoma mtima chotani, mwana wako sanamuone akukula, ndipo chimene sunawauze sangachilote.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi misozi. Mwana wathu ali ndi zaka 3, madokotala anamupeza ndi nthenda yotchedwa coeliac, imene imachititsa kuti thupi lidziukire lokha ndi kuwononga khungu la m'kati mwa matumbo aang'ono nthawi iliyonse munthu akadya gluten, kanthu kopezeka mu tirigu, mu balere ndi mu mbewu ina yotchedwa rye. Ndipo pa nthawi yomweyo tinali pa mzere wautali woyembekezera kuti amuyeze ngati ali ndi autism, popeza sankalankhula monga anzake, sankayang'ana munthu m'maso, ndiponso phokoso linkamusautsa koposa. Malamulo a kuno amati sukulu ya mkaka isalandire mwana isanafunse makolo za zakudya zimene iye sayenera kudya, ndipo anandifunsadi. Koma ine, pogwidwa ndi manyazi aja amene tinakula nawo, akuti chilema cha m'nyumba sachionetsa kubwalo, ndinangolemba mawu ochepa akuti asadye buledi ndi mabisiketi, za kalankhulidwe kake n'kunena kuti ngwamanyazi chabe.

Pa mlungu wachiwiri ali ku sukulu ya mkakayo anandiitana ku ntchito kuti mwana wadziluma dzanja ndipo akumenyetsa mutu pansi. Nditafika, mtsikana womulerayo, nkhope ili yogwa, anandiuza kuti mwanayo wakhala akuitana mayi ake kuyambira masana, ndi kuti iye wakhala akumutonthoza kuti mayi abwera posachedwa. Koma nditamvetsera ndinapeza kuti mwana wanga sankaitana ine ayi, ankati “mimba, mimba,” mawu a Chichewa amene m'makutu a Mngelezi amamveka ngati dzina limene ana a kuno amaitanira mayi. Buledi sanamupatse, monga ndinalembera. Koma anamupatsa soseji imene ufa wa tirigu unalowamo, ndiponso anamusiya akusewera ndi phala louma lija limene ana a kuno amaumbira tizidole, limenenso limapangidwa ndi ufa wa tirigu, iye n'kumaliika m'kamwa. Mtsikanayo sindinamuimbe mlandu, pakuti akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chimenecho ndinachitseka ndine.

Tsono ndikuuzeni za makomo amene kholo limagogoda m'dziko lino. Mwana aliyense akabadwa amapatsidwa buku lofiira, lofanana ndi kabuku kathu ka ku sikelo, mmene amalembamo kulemera kwake ndi katemera. Ndipo pali namwino woyendera mabanja amene amamuona mwana akafika zaka ziwiri kapena ziwiri ndi theka, kufunsa ngati akuyenda, akuloza zinthu ndi kulumikiza mawu. Namwino ameneyu, kapena dokotala wa banja amene amamutcha GP, ndiye amatumiza mwana kwa akatswiri: kwa dokotala wa ana, kwa katswiri wa kadyedwe, ndi kwa katswiri wa kalankhulidwe, ndipo onsewa ali pansi pa NHS, ndondomeko ya zachipatala imene inayamba mu 1948 ndipo imayendetsedwa ndi msonkho wa anthu. Musayese kuti zonse zimayenda ngati madzi otsika phiri, pakuti kudikira kumatha miyezi, penanso kupitirira chaka; ndipo kholo longokhala chete poganiza kuti kufunsa kawiri n'chipongwe, monga timachitira pamaso pa akuluakulu kwathu, limaiwalika pansi pa mulu wa mapepala.

Katswiri wa kalankhulidwe ndiye anatisonyeza kanthu kamene ndikufuna kukhalitsapo m'nkhani ino, ndiko kabuku kotchedwa communication passport, kunena kwake pasipoti ya kulankhulana, kamene anakayambitsa ndi mayi Sally Millar, katswiri wa ntchito yomweyo ku Edinburgh, mu 1991. Kabukuka n'kochepa, kamasamba owerengeka okutidwa ndi pulasitiki kuti kasanyowe, ndipo kamakhala m'chikwama cha mwana kulikonse apite. Koma chimene chinandidabwitsa n'chakuti kamalembedwa ngati mwana mwiniyo ndiye akulankhula. Sitilemba kuti wodwalayu ali ndi vuto lakuti, monga amalembera m'mafaelo a chipatala, timalemba kuti: “Ndikagwira dzanja lako ndi kukukokera ku khomo, ndikufuna kutuluka. Ndikatseka makutu, phokoso landipweteka. Unditengere pamalo a zii, usandifunse mafunso. Undiuze mawu ochepa, ndipo udikire ndisanayankhe, pakuti mawu amatenga nthawi kufika kwa ine. Ndimakonda sitima zapamtunda ndi madzi otuluka pa mpopi.” Poyamba ndinaona ngati ndi masewera a Azungu, koma nditaona mlezi watsopano akuwerenga masambawo, kenako n'kugwada kuti maso ake alingane ndi a mwana wanga, ndinazindikira nzeru yake: munthu akawerenga za nthenda amaona nthenda, koma akawerenga mawu a mwana amaona mwana. Ndinakumbukira Mose, amene lilime lake linali lolemera, kuti sanachotsedwe pa ntchito chifukwa cha chimenecho, koma anapatsidwa Aroni kuti amulankhulire. Ndipo kabukuka ndiye Aroni wa mwana wanga.

Tsamba lina tinalemba mawu ake a Chichewa ndi tanthauzo lake: madzi, mimba, basi, bwera, nsima. Ine ndinkaopa kuti akatswiri atiuza kuti tisiye chinenero chathu kuti mwana asasokonezeke, koma anatilangiza mosiyana, kuti tizimulankhula m'chinenero chimene chili pamtima pathu, popeza zinenero ziwiri sizichititsa mwana kuchedwa kulankhula. Motero lero m'sukulu ya mwana wathu mu mzinda wa Leeds muli mayi wachizungu amene amati “basi” nthawi yosewera ikatha, ndipo mwana amamvera. Anatiphunzitsanso Makaton, njira yolankhula ndi manja pamodzi ndi pakamwa, imene inayamba m'zaka za m'ma 1970, ndipo dzina lake linachokera ku maina a anthu atatu oiyambitsa, Margaret Walker, Kathy Johnston ndi Tony Cornforth. Ndiponso kugwiritsa ntchito zithunzi, kuti mwana akafuna kapu ya madzi apereke chithunzi cha kapu m'manja mwa mlezi. Zonsezi zinalowa m'kabuku, kuti yense womulandira adziwe kuti dzanja lopita kukamwa si mwano, koma pempho.

Za chakudya, anthu a kuno amasiyanitsa zinthu zimene ife timaziphatikiza pansi pa mawu amodzi akuti sichimuyanja. Pali chakudya chimene chikhoza kupha munthu m'mphindi zochepa, potupitsa kukhosi ndi kutseka mpweya, monga amachitira mtedza kwa ana ena. Ameneyo amayenda ndi jakisoni wa adrenaline m'chikwama, ndipo alezi amaphunzitsidwa kumubaya pantchafu ndi kuimba 999. Pali chakudya chimene sichipha koma chimasautsa, monga mkaka kwa munthu amene matumbo ake sagaya shuga wa mumkakamo, chinthu chofala kwambiri pakati pa ife anthu a ku Africa. Ndipo pali coeliac, imene imagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse m'dziko lino, imene siipha tsiku lomwelo koma imanyentcheretsa mwana pang'onopang'ono, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha, kuleka gluten moyo wonse. Lamulo limakakamiza ogulitsa chakudya kutchula zinthu 14 zodziwika kuti zimavulaza anthu ena, monga tirigu, mkaka, mazira, nsomba, nkhanu, soya, mtedza, mpiru ndi chitowe; ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2021, ngakhale chakudya chokulungidwa m'sitolo momwe chikugulitsidwamo chiyenera kulembedwa zonse zimene zalowamo. Lamulo lomalizali amalitcha ndi dzina la Natasha Ednan-Laperouse, mtsikana wa zaka 15 amene anamwalira mu 2016 atadya buledi wokhala ndi chitowe chosalembedwa pa chikuto, ndipo makolo ake sanapume kufikira Nyumba ya Malamulo itamva kulira kwawo.

Komatu lamulo limalemba pa paketi, silimalowa m'khitchini. Chotero pa tsamba la chakudya tinalemba zinthu zazing'ono zimene zimapulumutsa: kuti mpeni umene wadula buledi wa ana ena usakhudze chakudya chake, kuti zinyenyeswa za patebulo zipukutidwe asanakhale, kuti msuzi wokhuthalitsidwa ndi ufa asaulawe, ndi kuti akayamba kupinda thupi ndi kudziluma dzanja, afunse kaye chimene wadya asanaganize za chilango. Pakuti mwana wolankhula akamva kupweteka amanena, koma wosalankhula amasonyeza ndi thupi lake lonse, ndipo anthu osadziwa amati ngwamwano, ena kwathu amati walodzedwa. Chimene chinatiseketsa pakati pa masautso onsewa n'chakuti chimanga, mpunga, chinangwa, mapira ndi mawere zilibe gluten. Motero nsima yathu, imene ena akafika kuno amachita nayo manyazi, katswiri wa kadyedwe anaivomereza ndi manja awiri, ndipo zoletsedwa zinakhala mandasi, masikono ndi buledi, zimene kwathu timaziyesa zakudya zapamwamba.

Mwana akayamba sukulu yeniyeni, kabuku kokha sikakwanira, chifukwa kalibe mphamvu ya lamulo. Pansi pa lamulo la ana ndi mabanja la 2014, kholo likhoza kupempha khonsolo ya dera lake kuti iyeze zosowa za mwana ndi kulemba chikalata chotchedwa EHCP, chimene chimalumikiza za maphunziro, za umoyo ndi za chisamaliro, chimaunikidwanso chaka ndi chaka, ndipo chikhoza kumutsata munthu kufikira zaka 25. Lamulo limati ntchito yonseyi ithe m'milungu 20, ngakhale makhonsolo ambiri amapitirira pamenepo. Ndipo akakana, pali bwalo lapadera kumene kholo limakadandaula. M'sukulu iliyonse ya boma muli mphunzitsi woikidwa kuyang'anira ana otere, amene amamutcha SENCO, ndipo ameneyu ndiye khomo loyamba kugogoda. Ndalama za boma zothandizira ana olumala ambiri a ife sitiloledwa kulandira chifukwa cha ziphaso zimene tinalowera m'dziko, koma sukulu ndi chikalatachi sizisankha mwana wa mlendo.

Sindikulemba izi kuti ndinene kuti kuno n'kwabwino koposa kwathu. Pakuti mapepala onsewa anabadwa chifukwa cha kusowa kwa chinthu chimene inu muli nacho, ndicho mudzi wodziwa mwana. Koma kwathunso mudzi uli kumwazika: ana ali kusiyidwa kwa antchito m'matauni a Lilongwe ndi Blantyre, ena ali kutumizidwa kusukulu zogonera konko monga za ana osamva ku Mua ndi ku Nguludi, ena ali m'kalasi ya ana ochuluka pamaso pa mphunzitsi mmodzi. Kabuku kotere sikalira ndalama kapena lamulo. Kope la sukulu ndi cholembera n'zokwanira, malinga kholo litaleka manyazi ndi kulemba zoona.

Mwezi watha ndinawawerengera amayi anga kabuku konse pa lamya, tsamba ndi tsamba, ndikutembenuzira m'Chichewa. Ndipo atamvetsera kufikira kumapeto, iwo amene anamuona mdzukulu wawo kamodzi kokha, kwa milungu itatu, ali ndi zaka 5, anandifunsa chifukwa chake sindinalembe kuti mwanayo akayamba kusisita khutu lakumanzere ndiye kuti tulo tamugwira, monga ndinkachitira ine ndili wamng'ono. Ndinamuyang'anitsitsa madzulo atatu otsatizana, ndipo ndinapeza kuti n'zoona; m'mawa mwake ndinatsegula kabuku ndi kuonjezera mzere umenewo pa tsamba lachiwiri.