Wotchi yobirira pansi pa madzi: mnyamata wa ku Cateme afuna kugula

Mnyamata wina wa ku Cateme, mmodzi mwa ana a mabanja omwe kampani ya Vale idawasamutsa ku Moatize m'zaka za 2009 ndi 2010 kuti ikumbe malasha, adatipeza pa Zóbuè ali ndi funso lomwe sitidaliyembekeze. Iyeyu adakhalako ku Cape Maclear ku Malawi, komwe adaphunzira kubira pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya kumsana. Tsopano akufuna maphunziro opita kwakuya, ndipo aphunzitsi ake amuuza kuti agule kompyuta yakeyake yovala pamkono.

"Achimwene, ndigulitse mbuzi zonse chifukwa cha kawotchi?" adatero.

Funsoli ndi lomveka, koma tisanafike pa mbuzizo awerengi athu ayenera kudziwa ntchito ya chipangizochi.

Mpweya womwe timapuma uli ndi naitirojeni wokwana magawo 78 pa 100 aliwonse. Kumtunda kuno alibe vuto. Koma munthu akamatsika m'madzi, mamita 10 aliwonse amamupanikiza ndi mphamvu ina yofanana ndi ya mpweya wonse wa kumtunda, ndipo naitirojeni uja amalowerera m'magazi ndi m'minofu. Akatuluka mothamanga, zimachitika ndi zomwe timaona tikatsekula botolo la Fanta lomwe lakhutchumulidwa. Thovu limabuka m'thupi. Mfundo za mafupa zimaphwanya, miyendo imachita dzanzi, ena amapuwala ndipo ena amafa kumene. Azungu matendawa amawatcha bends.

Kale anthu ankadalira matebulo olemba papepala, omwe John Scott Haldane adayamba kukonzera asilikali apamadzi a ku Britain mu 1908. Kompyuta za pamkono zidayamba kufala m'ma 1980. Ntchito yake ndi kuyeza kuya ndi nthawi mosalekeza, n'kumamuuza munthu kuti watsala ndi mphindi zingati, akwere pang'onopang'ono motani, ndiponso aime pati kuti mpweya uja utuluke bwino m'thupi.

Wongoyamba kumene amaloledwa kufika mamita 18 okha, ndipo obira mongosangalala amalekezera pa mamita 40. Maphunziro omwe mnyamatayu akufuna ndi a mtundu wina. Munthu amakhalitsa pansi mpaka sangathenso kungotulukira pamwamba ngakhale zitavuta, koma kuima malo angapo m'njira. Amanyamula mabotolo awiri, atatu kapena kuposa, lililonse ndi mpweya wosakaniza mosiyana. Apa ndiye kusankha kompyuta kumasanduka nkhani ya moyo.

Choyamba n'chakuti izitha kusintha mpweya munthu ali pansi pomwepo. Okosijeni tonse timati ndi moyo, koma kwakuya amasanduka poizoni, munthu n'kugwa khunyu m'madzi. Mpweya wa magawo 32 a okosijeni suyenera kupitirira mamita 33 kapena 34, ndipo okosijeni yekhayekha amapumidwa pa mamita 6 kapena kuchepera apo. Kompyuta yosadziwa botolo lomwe mukupumira imawerengera zabodza. Amene adzapite kwakuya kwenikweni adzafunanso yodziwa mpweya wa hiliyamu, womwe amathiramo kuti mutu usazungulire ngati wa munthu woledzera.

Chachiwiri ndi masamu omwe ali m'kati mwake. Aphunzitsi ambiri amakonda kompyuta zotsata masamu a dokotala Albert Bühlmann wa ku Zurich, chifukwa ndi osabisa ndipo anthu awiri atha kutchera makompyuta awo mofanana. Ngati yanu ikuti imani mphindi 20 pamene ya mnzanu ikuti 8, mmodzi atsala yekha pansi. Ndiye funsani kaye zomwe aphunzitsi anu ndi anzanu amavala. Palinso makompyuta ena opangira ongosangalala omwe amadzitseka kwa maola 24 kapena 48 munthu akaphonya poimira. Amenewo pa maphunziro awa ngosathandiza.

Tsono pali nkhani ina yomwe imatikhudza ife a kuno makamaka. Matebulo wamba adakonzedwa poganizira nyanja yamchere, ndipo malo aliwonse okwera kuposa mamita 300 amafuna masamu ena. Nyanja ya Malawi, yomwe kuno timati Niassa, ili pa mamita oposa 470. Ngakhale nyanja ya Cahora Bassa ikadzadza ili pamwamba pa mamita 300 aja. Bühlmann yemweyo adalimbana ndi vutoli chifukwa kwawo ku Switzerland nyanja zili m'mapiri. Choncho kompyuta ikhale yodziyezera yokha kukwera kwa malo, komanso yotheka kuiuza kuti madzi ake ngopanda mchere.

Ndipo ulendo wobwerera kumudzi nawo uli ndi msampha. Wochoka kunyanja kudzera ku Golomoti amakwera chiphiri mpaka ku Dedza, komwe n'kopitirira mamita 1,500, asanaoloke pa Calómuè kulowa ku Angónia. Kwa thupi lodzadza naitirojeni, kukwera kotere kuli ngati kukwera ndege. Bungwe la DAN, lomwe limalangiza za chitetezo cha obira, limati munthu adikire maola osachepera 12 akabira kamodzi, 18 akabira kangapo, ndi ochuluka kuposa apo ngati adachita zoima m'njira zija. Minibasi siidikira munthu, tikudziwa, koma ndi bwino kugona usiku wina kunyanja. Wodwala matendawa amachizidwa pomutsekera m'chipinda chachitsulo chopanikiza mpweya, monga zomwe zili ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo mtunda wake kuchokera pa Moatize mukuudziwa.

Za batire tisaiwale. Kampani ya Shearwater ya ku Canada ili ndi mtundu wotchedwa Perdix womwe umalandira batire wamba ya AA, yomwe ija ya m'tochi yopezeka m'golosale iliyonse. Wina wotchedwa Peregrine ngotsikirapo mtengo koma sudziwa hiliyamu, ndipo ngochita kutchaja. Makampani a Suunto ndi Garmin nawo ali ndi zawo. Ife tikuona kuti kwa munthu wakumudzi, komwe magetsi ngosadalirika, ya batire yosintha wekha ndiyo yanzeru. Manambala akhale akuluakulu owala, oti muwaone m'madzi amdima. Yogula kwa munthu muiyese kaye pambali pa ya aphunzitsi musanapereke ndalama.

Nanga mbuzi zija? Tidamufunsa mnyamatayo chomwe akufuna kwenikweni. Adati amalota ntchito ya pa damu ku Songo, lomwe khoma lake ndi lalitali mamita 171. Apa tidamuuza poyera kuti wasokoneza njira ziwiri. Obira pa ntchito za madamu ndi madoko kawirikawiri amalandira mpweya kudzera m'paipi yochokera kumtunda, ndipo nthawi amawawerengera ndi kapitawo wokhala pamwamba. Satifiketi yake ndi ina, monga yomwe amapereka masukulu ovomerezedwa ndi unduna wa zantchito ku South Africa. Kawotchi kaja sikangamulembetse ntchito imeneyo.

Koma ngati cholinga ndi kuperekeza alendo okaona mbuna ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, kompyuta ya mtengo wapakatikati ingamukwanire zaka zingapo, ndipo ikadzachepa mphamvu idzakhala yachiwiri, popeza opita kwakuya amavala ziwiri kuopa ina ingafe ali pansi. Mnyamatayo adakwera basi ya ku Mwanza akuti akafunsa kaye aphunzitsi ake ngati angamubwereke yawo pa maphunziro oyamba. Mbuzi zikadali m'khola ku Cateme.