Magalasi a m'mbali pokoka ngolo: mafunso ndi mayankho

Galimoto imabwera ndi magalasi ake kuchokera kufakitale. Wokoka ngolo afuniranji ena?

Amene anapanga galimoto anayeza magalasi ake poona thupi la galimotoyo, osati chimene mwini wake adzamangirire kumbuyo. Ngolo yaitali msinkhu ikangokolekedwa, galasi la m'kati latha ntchito, chifukwa limangoonetsa khoma la ngoloyo. Chiyembekezo chonse cha dalaivala chimatsalira pa magalasi awiri a pazitseko, ndipo awiriwa amathandiza pokhapokha atatulukira kunja kuposa mbali za ngolo. Tiyerekeze kuti Toyota Hilux, imene m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamita 1.85, ikukoka ngolo ya mamita 2.5. Mbali iliyonse ngoloyo yaposa galimoto ndi masentimita pafupifupi 32. Ngati galasi latulukira masentimita 20 okha, ndiye kuti kona ya kutsogolo kwa ngolo yatchinga diso ndi masentimita 12. Wina anganene kuti amenewo ndi ochepa, koma diso likalambalala kona ija limapita likupatukira kunja. Kona ikakhala mamita 5 kumbuyo kwa galasi, pofika mamita 50 diso lapatuka kale mamita 1.2 mbali iliyonse, ndipo malo obisika kumbuyoko aposa mamita 4 m'lifupi. Basi yathunthu ikhoza kuyenda m'menemo dalaivala osadziwa. Galasi likatulukira kunja kwa ngolo zinthu zimatembenuka: malo obisika aja amanka nachepa m'malo mokula. Nkhani yonse yagona pamenepa, ndipo ndiye chifukwa ndikunena kuti galasi limasankhidwa ndi m'lifupi mwa ngolo, osati ndi mtengo wake kapena kukongola kwake.

Kodi pali muyeso weniweni, kapena aliyense amangoona mmene zamukomera?

Muyeso ulipo, ndipo dziko limene laufotokoza momveka kwa anthu wamba ndi Britain, kumene mabanja ambiri amakoka ngolo zogonamo popita kutchuthi. Kumeneko wokoka ngolo amayenera kuona msewu wa mamita 4 m'lifupi kuchokera pambali pa ngolo, pa mtunda wa mamita 20 kumbuyo kwa dalaivala, ndiponso mita imodzi m'lifupi pa mtunda wa mamita 4. Manambalawa amachokera mu lamulo nambala 46 la bungwe la United Nations loona za zipangizo zoonera kumbuyo, limene mayiko a ku Ulaya ndi ena ambiri amatsatira. Wopezeka akukoka ngolo popanda magalasi oyenera ku Britain akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 1,000, laisensi yake n'kulembedwanso mapointi atatu. Lamulo lomwelo lili ndi malire a mbali inayo. Galasi lowonjezera lisatulukire kuposa masentimita 25 kunja kwa ngolo, kapena 20 pa galimoto zimene zinayamba kuyenda pasanafike pa 26 Januwale 2007, ndipo ngolo ikamasulidwa galasilo lichotsedwe, chifukwa pamenepo lasanduka chinthu chomenya oyenda pansi ndi apanjinga. Chenjezoli lakula mphamvu kuyambira pa 16 Disembala 2021, pamene boma la Britain linathetsa mayeso apadera a okoka ngolo ndi galimoto zing'onozing'ono. Lero kumeneko munthu wa laisensi wamba amaloledwa kukoka ngolo yolemera mpaka makilogalamu 3,500 popanda wina womuphunzitsa kutchera galasi.

Pamsika pali magalasi a mitundu yambiri. Labwino ndi liti?

Otchipa kwambiri ndi omangirira ndi malamba a labala kapena a nsalu kuzungulira galasi la galimoto. Amakwana pafupifupi pa galimoto iliyonse, ndipo n'chifukwa chake amagulidwa, koma magalasi a galimoto zamakono ndi ozungulira ndi oterera, moti lamba sagwira bwino, komanso labala amauma ndi dzuwa n'kuduka. Otsatira ndi opanira pamlomo wa chibokosi cha galasi ndi zomangira ziwiri kapena zitatu, monga amene imapanga kampani ya Milenco ya ku Britain. Awa amagwira zolimba akamangidwa bwino, ngakhale pa galimoto zina mpata wa pakati pa galasi ndi chibokosi chake umachepa, chopaniracho n'kumakhudza galasi likamatembenuzidwa. Aliponso ovekedwa ngati chipewa pamwamba pa galasi, opangidwira mtundu umodzi wa galimoto. Sagwedezeka kwenikweni, koma satulukira patali, ndipo mukasintha galimoto atha ntchito. Omaliza ndi olowa m'malo mwa galasi lonse la pachitseko, okhala ndi mkono wosololoka: ngolo ikakolekedwa mumausolola, ikamasulidwa mumaubwezera. Makampani a Ford, Ram ndi General Motors amagulitsa mapikapu awo akuluakulu ali nawo kale, ndipo ku Australia kampani ya Clearview inatchuka popangira oterewa galimoto ngati Hilux ndi Land Cruiser. Ine ndimaona kuti wokoka ngolo sabata ndi sabata, monga wamalonda kapena mlimi, ayenera kugula osololokawa ngakhale ndi odula, chifukwa sadzawaiwala kunyumba ndipo sadzachita nawo ulesi kumanga. Wokoka kamodzikamodzi, opanira abwino amukwanira. A malamba ndi ongopulumukira tsiku limodzi.

Lafulati kapena lotukuka?

Lafulati limanena zoona pa mtunda koma limaonetsa malo ochepa. Lotukuka ngati msana wa supuni limaonetsa malo aakulu koma limachepetsa zinthu, ndipo chinthu chikachepa diso limaganiza kuti chili kutali. N'chifukwa chake ku United States lamulo limafuna kuti galasi la mbali ya dalaivala pa galimoto zing'onozing'ono likhale lafulati, ndipo lotukuka la mbali inayo lilembedwe chenjezo loti zinthu zili pafupi kuposa mmene zikuonekera. Wokoka ngolo amafuna zonse ziwiri. Amafuna mtunda woona pamene akufuna kupitirira galimoto ina n'kubwerera kumbali yake, popeza tsopano ali ndi mamita ena asanu kapena asanu ndi awiri kumbuyo amene sanawazolowere. Amafunanso kuona matayala a ngolo ndi m'mphepete mwa msewu. Magalasi osololoka ambiri amathetsa mkanganowu pokhala ndi lafulati pamwamba ndi lotukuka pansi.

Ambiri amadandaula kuti magalasi owonjezera amanjenjemera mpaka osaonamo kanthu. Kodi sikuli bwino kungowasiya?

Dandaulo limeneli ndi loona ndipo siliyenera kupeputsidwa. Galasi lowonjezera limakhala kunsonga kwa mkono, mphepo imalikankha, ndipo kunjenjemera kwa injini ndi mabampu kumakula pamene mkonowo ukutalika. Ukasololedwa mpaka kumapeto, chithunzi chimasokonekera, makamaka usiku pamene nyali za galimoto za kumbuyo zimangooneka ngati mizeremizere. Lole yaikulu ikadutsa mwaliwiro, mphepo yake ikhoza kupinda galasi lonse kulibwezera pachitseko, kapena kuthothola lowonjezeralo. Pa galimoto zimene magalasi ake amadzipinda okha zikakiyidwa, lowonjezera likhoza kugunda windo kapena kulemetsa kamota kopindira. Lina limaphimba indiketa ya pagalasi. Koma taonani kuti zonsezi ndi mavuto a kamangidwe ndi kasankhidwe, ndipo ali ndi mankhwala: kusolola mkono mpaka pamene mbali ya ngolo yaoneka basi, kutalikitsa zopanira ziwiri kuti zigwire malo aakulu, kupukuta fumbi ndi mafuta pamalo omangapo, kuzimitsa kudzipinda kuja, ndi kuima pambuyo pa makilomita ochepa kukungitsanso zomangira. Liwiro nalonso limalowapo, chifukwa mphamvu ya mphepo imakula kanayi liwiro likawirikiza kawiri. Ku Britain wokoka ngolo saloledwa kupitirira mamailosi 50 pa ola m'misewu wamba ndi 60 m'misewu ikuluikulu. Galasi lonjenjemera pang'ono limaonetsabe kuti kukubwera chinthu, pamene kusakhala nalo sikuonetsa kanthu.

Nanga kamera? Siyalowa m'malo mwa galasi?

Kamera yapita patsogolo ndithu. Kuyambira mu 2016 lamulo nambala 46 lija limalola makamera ovomerezeka kulowa m'malo mwa magalasi, ndipo galimoto ya Audi e-tron ndi malole a Mercedes-Benz Actros anatuluka nawo. Mapikapu ena a GMC amaphatikiza zithunzi za makamera awiri mpaka ngolo n'kumaoneka ngati palibe. Koma zimenezi n'zoyezedwa kufakitale. Kakamera kogula pakauntala n'kumata kumbuyo kwa ngolo ndi kena. Kamathandiza kwambiri pobwerera m'mbuyo ndi poona amene wakutsatirani pafupi, koma kamayang'ana kumbuyo kokha. Sikaona wanjinga amene ali kale pambali pa ngolo, pakati pa matayala ake ndi chitseko chanu, ndipo pamenepo m'pamene pamafera anthu. Matope amakaphimba, dzuwa la madzulo limakathobwa, ndipo kopanda waya kamatha kuchedwa kapena kuzima. Ngakhale kachipangizo kochenjeza za galimoto yobisika pambali, pa galimoto zambiri kamazima kapena kusokonezeka ngolo ikalumikizidwa. Kamera ikhale yowonjezera pa galasi, osati yolichotsa.

Ngolo yanga ndi yaing'ono, ndipo misewu yathu si ya ku Britain. Zikundikhudza bwanji?

Ngati ngolo ndi katundu wake zili zochepa m'lifupi kuposa galimoto, magalasi a fakitale akukwanirani. Koma yezani katunduyo, osati ngolo yokha. Ngolo zokokedwa ndi maminibasi ndi mabasi pakati pa Johannesburg ndi Blantyre kapena Lilongwe nthawi zambiri zimapakiridwa matumba, matiresi ndi mipando, n'kukutidwa ndi tenti yotupa kuposa mbali za ngolo, pamene minibasi ya Hiace yocheperako m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamita 1.7 okha. Ndipo msewu ngati M1 ndiwo ukufuna galasi kuposa wa ku Britain, chifukwa m'mphepete mwake mumayenda akabaza, ana a sukulu ndi amayi osenza mitolo. Timayenda kumanzere, dalaivala amakhala kumanja, choncho anthu onsewa ali kumbali imene ili kutali ndi diso lake. Pokhota, matayala a ngolo satsata mapazi a matayala a galimoto koma amadulira m'kati mwa kona, ndipo amene waima pamenepo ngolo imamupeza galimoto itamudutsa kale bwinobwino. Kuyesa ngati magalasi anu akukwanira sikufuna ndalama. Imikani galimoto ndi ngolo mowongoka pamalo afulati, khalani pampando monga mmene mumakhalira poyendetsa, mnzanu aime pakona ya kumbuyo kwa ngolo, kenako ayende mamita 20 kumbuyo kwanu n'kupatuka mamita 4, kumanja ndi kumanzere komwe. Mukamutaya m'galasi ngakhale mbali imodzi, musanyamuke mpaka mutamanga galasi loyenera kapena kupakiranso katundu wanu.