Ufulu Wovomera Kapena Kukana pa Uphungu

Ambiri a ife tikapita kuchipatala kapena kwa mlangizi timangoti "inde" pa chilichonse, poopa kuoneka amwano. Koma malamulo aakulu a dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, amateteza ulemu wa munthu aliyense ndiponso chinsinsi chake. Choncho kulandira uphungu, kapena kuyezetsa magazi kuti tidziwe ngati tili ndi kachilombo ka HIV, sizikakamizidwa. Tiyenera kuvomera tokha, titamvetsa bwino.

Tisanavomere, mlangizi atifotokozere izi m'chiyankhulo chimene timamva: cholinga cha zokambiranazo, ubwino ndi zovuta zake, anthu amene adzamve zimene tanena, ndiponso kuti tikhoza kusiya nthawi ina iliyonse. Atiuziretu pamene chinsinsi chingaululidwe, monga ngati moyo wathu kapena wa munthu wina uli pa ngozi. Kudinda chala pa pepala limene sanatiwerengere si kuvomera ayi.

Ufulu umenewu si nkhambakamwa chabe. Mu 2009, apolisi ku Mwanza anagwira amayi 11 powaganizira kuti amachita uhule. Anawatengera kuchipatala kumene anawayeza magazi osawapempha, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa m'khoti pamaso pa anthu. Amayiwo anakadandaula, ndipo mu 2015 khoti lalikulu ku Blantyre linagamula kuti kuyeza kumeneku kunaphwanya ufulu wawo. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 nalonso limaletsa kukakamiza munthu kuyezetsa.

Ngakhale kumudzi ndi kumpingo tisamale. Mwamuna, amfumu, abusa kapena bwana wa kuntchito sangavomere m'malo mwa munthu wamkulu wanzeru zake. Tikhoza kulimbikitsa mnzathu kuti akalandire uphungu, pakuti ndi wothandiza, koma tisamuopseze. Munthu wopita mwa kufuna kwake amamasuka, amanena zoona, ndipo amatsatira malangizo. Wokakamizidwa amabisa za kukhosi, ndipo kawirikawiri sabwereranso.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tizifunsa mpaka titamvetsa, ndipo ngati mtima sunakhazikike tipemphe nthawi yoti tikaganize.

Mafunso okambirana m'magulu:
1. Kodi n'chifukwa chiyani ambiri timaopa kufunsa mafunso kuchipatala?
2. Tingamuthandize bwanji mnzathu wosadziwa kuwerenga kuti amvetse asanadinde chala?
3. Kodi kulimbikitsa ndi kukakamiza zimasiyana pati?