Mtengo wa Ulendo Wochokera Kumudzi

Anthu ambiri a m'midzi amadandaula kuti ndalama zimene apeza pogulitsa mbewu zimathera pa msewu. Dandaulo limeneli n'loona, ndipo n'kwabwino kuti anthu adziwe kumene mtengo wa ulendo umachokera.

Dziko la Malawi lilibe doko pa nyanja yamchere. Mafuta a galimoto amatsikira ku Beira ndi ku Nacala m'dziko la Mozambique, kapena ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Chifukwa cha ichi, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta anakwera mtengo masiku omwewo, ndipo eni mabasi ndi matola anakwezanso. Pa zimenezi munthu wa kumudzi sangachitepo kanthu.

Koma pali gawo lina la ulendo limene mudzi ungathe kulichepetsa. Pa msewu wa tala galimoto n'zambiri ndipo zimalimbirana anthu. Podula kwenikweni ndi pa msewu wa fumbi, kuchokera pamudzi kukafika pa tala. Kumeneko galimoto imabwera imodzi, nthawi zina pa tsiku la msika lokha. Mwini wake amadziwa kuti matayala adzatha msanga ndi kuti kwina adzayenda wopanda katundu, choncho amatchula mtengo umene afuna. Mlimi akalephera kulipira, amagulitsa mbewu zake kwa venda pakhomo pomwepo pa mtengo wotsika.

Njira yoyamba ndiyo kuphatikiza katundu. Alimi khumi akapita ku msika aliyense ndi matumba ake awiri, amalipirira matumba 20 ndiponso anthu khumi, popita ndi pobwera. Akagwirizana kubwereka ngolo kapena lole imodzi, natumiza anthu awiri okhulupirika, ndalama za anthu asanu ndi atatu zimatsala m'mudzi. Chimene chimaononga mgwirizano wotere ndi kukayikirana. Matumba onse ayenera kuyezedwa pa sikelo anthu akuona, ndi kulembedwa m'buku pamodzi ndi dzina la mwini wake. Apa mphunzitsi angathandize kwambiri.

Ngolo ili ndi ubwino wakuti ng'ombe zimadya udzu, sizimwa petulo. Imayenda pang'onopang'ono, koma chimanga sichiwola ndi ulendo wa tsiku limodzi.

Njinga yakapalasa nayonso ndi yothandiza. Njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, inapangidwa kuti kaliyala yake inyamule makilogalamu 100, ndiwo matumba awiri a chimanga. Vuto n'lakuti banja losauka silingagule njinga ndi ndalama za tsiku limodzi, koma banki ya m'mudzi kapena chipereganyu zingalithandize. N'zomvetsa chisoni kuti m'mabanja ena njinga imangoima pa sitolo ndi bambo, pamene mayi akupita ku chigayo atasenza thumba pamutu.

Ngolo, njinga ndi lole zonse zimadalira msewu. Chimene chimaononga msewu wa fumbi ndi madzi oyenda pakati pake. Mafumu ayenera kuitana anthu awo mu October, mvula isanayambe, kuti atsegule ngalande za m'mbali ndi kuchotsa mchenga ndi zinyalala m'mipope ya pansi pa msewu.